Magalasi a Fatsani ndi paipi ya ku Bangwe

Lolemba
Ku ofesi kwafika magalasi oonera mapu. Akuti ukawavala phiri limatukuka ndithu, chigwa n'kuzama. Alipo amodzi okha, ndipo abwana apatsa Fatsani, mnyamata wobwera dzana lomweli. Ine mkhalakale nditsale ndi mapu a pa kompyuta, afulati ngati mphasa. Zandiwawa!

Aliyense wa ife ajambule modutsa paipi ya madzi ku Bangwe. Amene njira yake isankhidwe Lachisanu ndiye atsogolere ntchito yonse. Ku Bangwe ndi kwathu. Aona.

Lachiwiri
Mzere wanga: wowongoka, waufupi, wosadya mapaipi ambiri. Fatsani ali pakati pa ofesi, magalasi kumaso, manja m'mwamba ngati woimbitsa kwaya. Atsikana a ku akaunti amuunjirira, akubwerekana. "Eee, mpaka phiri la Mpingwe likuoneka!" Ine palibe wondipatsa ngakhale moni.

Lachitatu
Fatsani wapita kukagula tchipisi. Ndawavala mwakuba. Mayo ine, phompho kutsogolo kwa mapazi anga! Ndabwerera m'mbuyo, ndagwa ndi mpando womwe. Amayi osesa: "Achimwene, mwayamba kulawa masanasana?"

Koma ndaona. Mzere wanga ukukwera chitunda chomwe ndimapumirapo kawiri ndikamaweruka. Madzi athu ofooka aja sangakwere pamenepo. Pa kompyuta chitundacho palibe.

Lachinayi
Ndasintha. Paipi izungulire chitunda, idutse pamalo ena obiriwira bwino, opanda nyumba ngakhale imodzi.

Zomwe Fatsani alibe:
zaka pantchito
ndevu
nzeru ngati izi

Zomwe ali nazo: magalasi basi.

Lachisanu
Msonkhano. Abwana ayang'anitsitsa mapu anga, aloza pobiriwira paja. "Mitengo yothithikana chonchi pakati pa tauni, si manda amenewa?"

Ndi manda. Ndinanyamula nawo bokosi la amalume kupita pomwepo. Ndikawaonera kuchokera kumwamba pa kompyuta ndimangoona kabwalo kobiriwira.

Njira ya Fatsani ikutsata m'mbali mwa phiri, madzi akungotsetsereka okha. Asankha yake. Chondipweteka kwambiri n'chakuti iye yekha ndiye sanaseke.

Loweruka
Fatsani pa foni: "Akulu, mudzandithandize, anthu a kumeneko mumawadziwa ndi inu." Ulemu wakewo ukundinyansa. Bwenzi atakhala wamwano, ndikanamuda bwinobwino. Ndamuuza kuti ndatanganidwa. Ndili pakhonde, ndikuwerenga nyerere.

Lamulungu
Pochokera ku Misa mkazi wanga wamva kuti mpopi watsopano ukhala kuseri kwa nyumba yathu yomweyi. Zolawirira ndi zigubu zatha. Akuvina ndi chitenje cha kutchalitchi chomwe.

"Mnyamata ameneyo mumuitane adzadye nkhuku, Mulungu amudalitse."

Nkhuku yake ndi tambala wanga, amene ndimasungira tsiku londikweza pantchito. Ndikunola mpeni.