Tsidya Lino Ndi Liti?

Mpaka lero alipo anthu ku Liwonde amene akandiona amafunsa kuti, "Akulu, lero muli tsidya liti?" Iwo amaseka, ine sindiseka. Nkhaniyi aipotoza mokwanira, choncho ndiifotokoza ndekha (mapepala ake onse ndili nawo m'sutikesi, ngakhale aja njenjete zinalawako).

Kunali chakumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi. Ndinkagwira ntchito pa kabungwe kena ka ulimi wothirira mpunga. Tinali ndi mapampu awiri pa Shire: imodzi mbali ya Liwonde, komwe kunali ofesi, ina mbali ya ku Balaka, komwe ine ndinkakhala. Azungu otithandiza anatisiyira kompyuta yoti iziyatsa mapampuwo kudzera pa mawaya, ndipo ntchito yolemba malangizo ake inagwera ine ndi mnzanga Che Amidu.

Kompyutayo inkadziwa pampu iliyonse ndi nambala yake, nambala zosatchulika, zosakanikirana ndi zilembo. Che Amidu ankafuna tizingolemba nambalazo paliponse momwe zilili. Ine ndinakana. Njira yaulemu ndi yoti ulembe kamodzi pamwamba, m'zilembo zazikulu, kuti dzina ili ndi la nambala iyi, kenako uzingotchula dzinalo.

"Iyayi, akulu," anatero Che Amidu, "nambala sinama."

"Nanga ana anu kunyumba mumawaitana ndi nambala?"

"Chabwino. Tilembe L ndi R ngati Azungu, kumanzere ndi kumanja."

"Inu Che Amidu? Inu amene mumalemba Balaka lero, mawa Baraka?"

Tinakokana mpaka abwana athu anatopa. Anavomera njira yanga, koma anandichenjeza kuti zikadzalakwika ndidzachoka pa kompyuta n'kukalondera feteleza ku nyumba yosungira katundu. Sindinaope ngakhale pang'ono.

Lamlungu ndinakhala pakhonde kwathu, mtsinje ndikuuona, n'kulemba mayina awiri okongola: TSIDYA_LINO ndi TSIDYA_LIJA. Chichewa choti ngakhale mwana amva. Lolemba ndinawoloka mlatho pa njinga, n'kuwalowetsa mu kompyuta momwemo. (Inde, ndikudziwa. Inu mwaona kale chifukwa mwakhala pampando. Ine ndinali wotanganidwa.)

Tsiku lotsegulira linafika. Kunabwera mkulu wina wa chipani, atavala suti, amayi akuvina mozungulira ngalande ya mbali ya Liwonde. Che Amidu anali mu ofesi, nayenso mbali ya Liwonde, ndipo atapatsidwa chizindikiro analamula kompyuta kuti iyatse TSIDYA_LINO.

Mlendo wa chipani uja anawerama kuyang'ana kukamwa kwa paipi. Zii. Nyimbo inatha, amayi anayamba ina. Ziii. Kenako tinamva kubangula patali. Pampu ya ku Balaka inali itadzuka ndi mphamvu zake zonse, madzi akukhuthukira pamalo pamene asodzi anayanika nsomba. Tinaona anthu kutsidyako akuthamangitsa matemba ouma amene anayambanso kusambira.

Mlendo anaweramuka pang'onopang'ono. "Madzi athu ali kuti?"

Masiku amenewo funso lotere silinali lamasewera. Abwana anayang'ana ine, amayi anayang'ana ine, ngakhale woimba ng'oma anayang'ana ine. Ndinavula chipewa.

"Bwana, makina sanalakwe. Madzi atuluka tsidya lino ndithu. Kungoti ndi tsidya lino la kwathu."

Ndiye mkuluyo anaphulika kuseka, mpaka kugwira phewa la dalaivala wake, ndipo aliyense anapeza chilolezo choseka. Che Amidu anayatsa TSIDYA_LIJA, madzi anatuluka pamaso pathu, amayi n'kululutira.

Abwana sanaseke. Nyengo yonse ya dzinja ndinaithera pakati pa matumba a feteleza, maso akuyabwa, ndipo asodzi aja anandipatsa dzina limene sindilemba pano.

Koma mverani izi. Nditabwerera pa kompyuta ndinasindikiza malangizo amene Che Amidu anakonza ine kulibe. Kodi anabwezeramo nambala zake zosanama zija? Ayi. Pamwamba penipeni, m'zilembo zazikulu, panali mayina awiri. Mayina! Ndiye mundiuze amene anapambana.

Pepalalo ndili nalo, aliyense wokayika abwere adzaone. Dzina loyamba analemba PAMPU_LIWONDE. Lachiwiri, PAMPU_BARAKA.