Thireyi ya Mgonero

Lolemba, 9 Juni

Lamulungu likudzali kuli Mgonero. Ine ndine mmodzi wa akulu ampingo oyendetsa thireyi ya tizikho. Vuto ndi ili: thireyi imafuna manja onse awiri, ndodo yanga nayo imafuna lake.

Mtsikana wa mafizo kuchipatala wandifotokozera bwino. Nyamakazi yangayi si ukalamba. Imadya molumikizira mafupa, mpaka mapazi amasiya kuuza mutu pamene pali nthaka. N'chifukwa chake ndimadzandira. Zochita wandipatsa:

kuima ndi mwendo umodzi nditagwira mpando,
kuyenda chidendene chikugunda chala,
kuwongola msana ngati wapolisi.

Akuti phindu lake limaoneka pakapita miyezi. Ine ndili ndi sabata. Abusa sindiwauza. Ndinaphunzitsa ana a pa esiteti ya tiyi mpaka kupuma, ndilephere kuphunzitsa mwendo wanga womwe?

Lachiwiri, 10 Juni

Chiperoni! Phiri silikuoneka. Zala zauma ngati nkhuni mpaka dzuwa kukwera.

Ndikuyeserera kuseri kwa nyumba. Mpando ndausiya, poti kutchalitchi sindidzayenda nawo. Mwendo m'mwamba, maso kutsogolo, kenaka ine mumpanda wa a Namaona, oyandikana nafe. Mpanda wagona nane limodzi. Mayi Namaona aima ndi tsache: "Mwadzuka bwanji, akulu ampingo?" Ndayankha ndili chagada kuti ndadzuka bwino.

Lachitatu, 11 Juni

Lero ndi thireyi yeniyeni, ya akazi anga amake Chifundo, ndi matambula awo a alendo odzaza madzi. Ndikuyenda pakhonde ndikung'ung'udza nyimbo ya Mgonero kuti ndizolowere liwiro lake.

Zowonongeka: matambula, buluku, mtendere wa m'banja.

Amake Chifundo: "Abambo, ndodoyo inakulakwirani chiyani?" Ndawafotokozera za mapazi ndi mutu. Akuti mapazi sakuwadziwa, koma za mutuwo akuvomereza.

Mpanda sunadzuke, choncho mayi Namaona aona zonse: mkulu wampingo, matambula, kuimba, kudzandira, m'mawa.

Lachinayi, 12 Juni

Kumsika wa Chinakanaka wopanda ndodo, kuti miyendo iphunzire kudzidalira. Matope okhaokha. Ndaterereka, ndakumbatira nsanamira yoyamba imene ndaipeza. Nsanamira ya malo omwera mowa!

Kondakitala wa minibasi, amene ndinam'phunzitsa ndekha kugwira pensulo: "Aphunzitsi, lero mwalawirira!" Anthu asonkhana. Ndawafotokozera modekha, kuyambira kuphazi mpaka ku ubongo, ndi zitsanzo. Mayi wogulitsa nanazi wagwedeza mutu mwachifundo: "Amuna anganso akalawa amaphunzitsa chonchi."

Ndazindikira mochedwa kuti kufotokoza kukatalika kumamveka ngati kachasu.

Lachisanu, 13 Juni

Abusa abwera ndi a Makwinja, mkulu wampingo mnzanga. Akuti amangodutsa. Kwathu kuno njira imathera pakhomo panga.

Akhala moyandikira kwambiri. A Makwinja akufwenthera ngati ali ndi chimfine. Ndipo nyumba yonse ikununkha sipiriti wothira pamabala a dzana!

Ndalibe pothawira. Ndatulutsa manja m'matumba a jekete, mmene akhala akubisala chaka chonse. Ndavulanso nsapato. Abusa ayang'ana zala zopindikazo nthawi yaitali. "Bambo, bwanji simunanene?"

Ndilembe zoona. Kutchedwa chidakwa kumandiwawa, koma kumveredwa chisoni kwaposa.

Ndapempha mwayi woyesa mawa m'tchalitchi ndi tizikho topanda kanthu. Avomera, mwaulemu chabe.

Loweruka, 14 Juni

Amayi akukolopa m'tchalitchi. Onse aimika ntchito kuti aone.

Msana wowongoka. Maso kutsogolo. Tizikho tikulira ngati maseche, ngakhale ndisanayambe kuyenda. Benchi yoyamba ndadutsa. Yachiwiri ndadutsa! Kenaka phazi lamanzere lasiya kulankhula ndi mutu.

Ine ndagwidwa ndi abusa. Thireyi palibe waigwira. Tizikho tagubuduzika mpaka kukhomo, amayi akutitola chokwawa pansi pa mabenchi, mayi Namaona patsogolo. Palibe waseka. Bola akanaseka.

Lamulungu, 15 Juni

Ndakhala benchi yakutsogolo, ndodo pakati pa miyendo, poyera. Thireyi ili ndi a Makwinja. Amayenda mothamanga kwambiri, koma sindiwauza lero.

Afika pa ine. Zaka zonsezi ndimapereka, sindinaganizepo kuti kachikho n'kakang'ono chonchi. Zala zakana kukatsina. Ndayesanso, zakana.

A Makwinja atsamiritsa thireyi pabenchi, atenga kachikho, andifikitsira pakamwa, n'kunong'ona: "Imwani achimwene, uwu wokha abusa alola."

Ndamwa. Vinyo wina watsikira pa taye.