Mlendo wa M'nyumba Imene Ndinagula

Nkhani iyi ndinkati ndidzafa nayo, koma poti pamsika wa pa Boma ayamba kale kuinena mokhotetsa, bola ndiinene ndekha. Ndi yamanyazi. Mukaseka sindikwiya, ngakhale kuti ine kuseka kwake sikunandifikebe.

Ine ndine amake Tisa. Giredi 12 ndinamaliza bwinobwino, ndipo kumene tinkachita lendi anthu ankabwera kwa ine kuti ndiwawerengere makalata a kuchipatala ndi a kusukulu. Zaka zambiri ndagulitsa nsomba zouma kwa amalonda a ku Lusaka, ndikusunga pang'onopang'ono kuti ine ndi ana anga atatu tidzagone m'nyumba yathuyathu.

Ndiye ndinamva kuti bambo ena, a Domingo, akugulitsa nyumba ya malemu achimwene awo, ya zipinda zitatu, ya malata, pafupi ndi njira yotsikira kumtsinje.

Bambo aja anali aulemu zedi. Tsiku limene ndinapita kukaiona dzuwa linali lija la kuno, lophika munthu ali chiimire. Anandisunthira mpando pamthunzi wa msawu, anapukuta fumbi ndi chipewa chawo, ana anawagulira maheu. Kenako anatulutsa pepala lokhala ndi sitampa ya khoti, nati banja lonse linawasankha iwo kuti ayang'anire zonse za malemu.

Pepalalo ndinaligwira m'manja. Sitampa ndinaiona, yofiirira, yeniyeni. Koma iwo anali ataimirira pomwepo akumwetulira, ana anga ali ndi maheu kukamwa, ndipo ndinaona ngati kuwerenga mzere uliwonse pamaso pawo n'chimodzimodzi kuwauza kuti ndinu wakuba. Ndinangogwedeza mutu n'kuwabwezera.

Tinalemba kalata yogulitsirana, anzawo awiri anasaina ngati mboni, ndalama ndinapereka. Fotokope ya pepala la sitampa lija anandipatsa, ndinangoiika m'sutikesi. Za taitolo ya umwini wa nyumba anati mapepala akuyenda, tidzasintha dzina akafika. Popereka makiyi anandipempha chinthu chimodzi chabe: kachipinda kakumbuyo kanali kokhoma, munali katundu wa malemu, ndipo achibale adzabwera kudzatenga. Anati ndidzawalandire bwino.

Ndinalowa. Ndinapaka penti wabuluu, ndinasintha malata awiri odontha, ndinagula makatani. Kwa miyezi iwiri ndinkagona ngati mwana.

Loweruka lina masana kunafika mai wina wovala zakuda, atasenza thumba la mpunga, atangotsika bwato la ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Anati ndi amai Rozina, mkazi wa malemu. Maliro atatha anapita kwawo kukadwazika amai awo, ndipo anakhalitsa.

Mumtima ndinati awa ndiwo achibale a katundu aja. Ndinawalandira thumba, ndinawapatsa madzi osamba, ndinapha nkhuku.

Anazungulira nyumba yonse akusisita makoma. Maso awo anadzaza misozi.

"Mwaisamala, amake mwana. Mulungu akudalitseni."

Ndinati ndayesako chabe. Kunena zoona ndinanyada.

Madzulo ndinawauza kuti agone kuchipinda chachikulu, ine ndiyala mphasa pabalaza. Kwathu mlendo amayamba wakana kaye, mwina kawiri, kenako n'kuvomera. Iwo anangoti zikomo, n'kulowa, n'kutseka chitseko. Ndinazindikira ndithu, koma ndinati ndi chisoni, munthu wofedwa sangakumbukire zonse.

M'mawa ndinapeza atasesa kale bwalo. Anandionetsa kuti chitseko cha kukhitchini sichifuna kukankha, chimafuna kunyamula pang'ono. Mwana wanga wamng'ono anamuluka tsitsi. Ndinati koma mai uyu ndi wabwino.

Lolemba anatulutsa kiyi pa chitenje n'kutsegula kachipinda kaja. Ndinawathandiza kunyamula makatoni. Mbale anazitsuka n'kuziika m'kabati, pamwamba pa zanga. Chithunzi cha malemu anachipachika pa msomali pamene panali kalendala wanga, kalendalayo anamupinda bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri.

Tisa, mwana wanga woyamba, anandikokera kuseri.

"Amai, katunduyu akutuluka m'chipinda, koma sakutuluka m'nyumba."

Ndinamudzudzula. Ndinamuuza kuti munthu amafuna kuona zinthu za mwamuna wake komaliza, ndipo kuti m'nyumba mwanga mlendo safunsidwa kuti apita liti. Tisa anandiyang'ana mmene ana a masiku ano amayang'anira, n'kupita kukatunga madzi.

Aneba ankabwera mmodzimmodzi kudzawapatsa moni amai Rozina. Ankawauza kuti mwabwera, mwatisowa, kenako ankandiyang'ana ine n'kuyang'ana pansi. Onsewa anandiona ndikupaka penti. Ena anandibwereka makwerero. Palibe ngakhale mmodzi amene anatsegula pakamwa, ndipo chimenechi chimandiwawabe kuposa za a Domingo.

Lachitatu kunabwera amuna awiri ndi mitengo kudzamanga khola la mbuzi kumbuyo. Ine ndilibe mbuzi. Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana. Amai Rozina anandifunsa ngati ndingawaphikireko tiyi anthu a nchitowo. Ndinaphika. Ndinaikamo ndi shuga wanga.

Lachinayi msana unali utauma ndi mphasa, ndipo ndinati lero ndinena, koma mwaulemu. Tikusankha mpunga ndinafunsa ngati masiku ano bwato la ku Zumbo limanyamuka m'mawa kapena masana.

Anasangalala kwambiri. Anafunsa ngati ndikufuna kupita ku Zumbo. Anati ndikafike kwa achemwali awo, akandisunga bwino, ndipo nsomba kumeneko n'zotsika mtengo.

Ndinathokoza.

Tinafika Loweruka lina, sabata yathunthu, aliyense akudikira mnzake. Atatha kudya anandiitanira pansi pa msawu. Ankaoneka kuti akuvutika, akupotokola nsonga ya chitenje. Anayamba ndi kundiyamikira. Anati alamu awo, a Domingo, atawauza pafoni kuti aikamo mai wina wosunga nyumba, iwo ankaopa kuti adzapeza mabwinja, koma apeza nyumba yowala kuposa kale. Kenako anati ana awo akubwera sukulu ikatsekera, ndipo zipinda ndi zochepa.

"Sindikukuthamangitsani iyayi. Khalani mpaka mupeze pena. Ndipo za lendi ya mwezi uno musavutike, penti uja wakwana."

Ndinaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi. Ndinati mwina pali kusamvana, nyumbayi ndinagula. Anandiyang'ana ngati ndatentha thupi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa kalata yogulitsirana ija pamodzi ndi fotokope ya pepala la sitampa.

Analitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera.

"Ine sukulu sindinapite patali. Ndiwerengereni inu."

Ndiye ndinawerenga, koyamba, mokweza, ndikumasulira m'Chinyanja mzere ndi mzere monga ndimachitira ndi makalata a anthu. Pepalalo linkati a Domingo asankhidwa kuti asonkhanitse ndi kusunga chuma cha malemu m'malo mwa mkazi wamasiye ndi ana. Dzina la mkaziyo linalipo. Ndinalitchula ndi pakamwa panga, mwini wake atakhala pambali panga. Mawu akuti kugulitsa ndinawafunafuna mpaka kuseri kwa pepala, kumene kunalibe kanthu.

Ndinaliika pansi pepalalo. Amai Rozina anadzuka, anakanditungira madzi akumwa.

Lolemba tinapita tonse kukhoti, tikuyenda limodzi ngati tikupita ku kwaya. Mai wa muofesi anandifunsa mafunso atatu. Kodi ndinapita ku kanselo kukaona kuti nyumbayo ili m'dzina la ndani? Kodi ndinaona chilolezo cha khoti chogulitsira nyumba ya masiye? Kodi mkazi wa malemu anasainapo? Katatu konse ndinati ayi, mawu akucheperachepera.

Anandifotokozera mofatsa kuti woyang'anira chuma cha masiye si mwini wake. Nchito yake ndi kusunga ndi kugawa, ndipo nyumba imene banja linkakhalamo ndi ya mkazi ndi ana. Kalata yanga anati ndiisunge, idzathandiza ku polisi, koma nyumba singandipatse. Nditayamba kulira anadzuka n'kukatseka chitseko kuti a pamzere asandione. Sindidzamuiwala.

A Domingo foni yawo inali yozima. Ena amati anawoloka mtsinje, ena amati ali ku Lusaka. Anzawo awiri aja anati iwo anangopemphedwa kusaina, sankadziwa kuti n'chiyani. Ku polisi ndinakanena, ndipo mpaka lero ndimapitako kukafunsa.

Tinabwerera ku lendi, chipinda chimodzi, anthu anayi. Tsiku losamuka amai Rozina anasenza matiresi anga pamutu mpaka kukafika, ndipo makatani anawachapa asanandibwezere. Ndinayesetsa kuwada, zinakanika. Zikanakhala zopepuka akanakhala munthu woipa.

Patapita miyezi ingapo anabwera pamene ndimagulitsira nsomba. Anati banja lakhala pansi, a Domingo awachotsa pa udindo woyang'anira chuma, ndipo manje akukonza zoti mapepala a nyumba alembedwe m'dzina lawo ndi la ana. Pankafunika mboni yodziwa kuwerenga, ndipo iwo sakhulupiriranso wachibale aliyense.

"Ndimakhulupirira inu chabe, amake Tisa. Inu simunganame, munadziwerengera nokha mlandu."

Ndinavula epuloni, ndinasamba m'manja, tinapita. Fomu ija ndinaiwerenga kawiri, mzere uliwonse, mpaka timalemba tating'ono ta pansi, anthu a pamzere akung'ung'udza kumbuyo kwanga. Ndinafunsa mafunso anayi. Zonse zinali bwino, ndipo ndinasaina.

Choncho amene akunena pamsika kuti dzina langa silinalembedwepo pa mapepala a nyumba ija akunama. Lilipo, ndi inki yabuluu, pansi penipeni, pa mzere wa mboni.

Munthu akakupukutirani mpando, khalani ndithu, koma pepala lake muliwerenge asanakugulireni maheu.