Khovani wa Kuseri kwa Bafa

Sindine munthu wolankhulalankhula. Koma nkhani iyi yamveka kale m'komboni yonse ya George, ndipo aliyense akuikamba mokhota. Bola muimve kwa mwini wake.

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Mageti, mawindo, mbaula. Makasitomala a masiku ano amafuna mageti okhala ndi maluwa achitsulo, choncho ndinayamba kujambula maluwa enieni pa foni kuti ndizionera. Tsiku lina m'tauni ndinagula kagalasi kopanira pa kamera ya foni. Kamakuza zinthu. Nyerere imaoneka ngati mbuzi. M'kati mwa duwa la dzungu mumaoneka ngati m'tchalitchi (sindikunama, muli ndi mizati yomwe). Za mageti ndinaiwala. Ndinangogwidwa.

Ndipo ndimatha. Izi sindibisa. Kagalasiko kamafuna dzanja losanjenjemera, ndipo dzanja la wowotcherera silinjenjemera. Lamulo lake ndi limodzi: yandikira mpaka foni itatsala pang'ono kukhudza duwa, gwira mpweya, dina. Duwa likakhala pansi, nawenso ugone pansi.

Pa puloti pomwe timachita lendi pali mabanja angapo, koma bafa ndi limodzi. Lamabuloko, lopanda denga, lili ndi bowo m'munsi lotulukira madzi. Kuseri kwake, pomwe madziwo amathera, kunamera khovani. Mukumudziwa, udzu woyanga uja umene aliyense amazula. Duwa lake ndi labuluu, laling'ono ngati chikhadabo. Limatseguka m'mawa, dzuwa likakwera lafota.

Loweruka m'mawa ndinapitako. Ndinagona chafufumimba m'matope, foni patsogolo, mphuno pafupi ndi bowo lija. Madzi a sopo ankatuluka, inde. Ndinawaona. Ndinangoti akunyezimiritsa bwino masamba (nzeru zanga zinathera pamenepo). Nyimbo ya kwaya m'katimo ndinaimvanso. Kenako inaleka.

"Mayo ine! Foni! Kuli foni pa chibowo!"

Anali mawu a bamake Joyi, mkazi wa alandilodi.

Munthu wanzeru akanadzuka n'kufotokoza. Ine ndinali nditagwira mpweya, duwa litangolowa bwino m'galasi. Ndinadina kaye. Foni yanga ikajambula imalira. Inalira: khethe!

Ndisanaimirire, puloti yonse inali pamenepo, ena zigubu zotungira madzi ku kiyosiki zili m'manja. Bamake Joyi anatulukira atamanga chitenje m'khwapa, thovu lili m'khutu.

"Batate bake Esinati! Imwe? Munthu mukulu so, na imvi kumutu?"

"Ni maluwa," ndinatero.

"Maluwa ku bafa? Bantu imwe, mwamvera?"

Mkazi wanga anafika, anayang'ana matope a pamimba panga, n'kubwerera m'nyumba. Zimenezo zinandiwawa kuposa phokoso lonse.

Ba Zulu, alandilodiwo, anali atapita kukagula simenti. Anabwera masana. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, sanazungulire.

"Onetsani vamene mwakopa. Ngati ni voipa, mailo muchoke pa nyumba panga."

Kusamuka mawa lomwelo, mvula ili m'kati, ndi ana, ndi makina anga. Nyumba ya magetsi ku George suipeza chisawawa. Komabe foni ndinapereka mosaopa. Ndinkadziwa zomwe zilimo.

Apa ndi pomwe kagalasi kanandigulitsa. Chinthu ukachikuza kwambiri sichifanananso ndi mwini wake. Chithunzi choyamba chinali cha phesi la khovani. Chifukwa cha mthunzi wa khoma linatuluka lakuda, lonenepa ngati mwendo, lonyowa, lili ndi ubweya wofiirira, thovu la sopo pambali.

Ba Zulu anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ubweya uyu ni wa ndani?"

"Wa udzu."

Bamake Joyi anasuzumira paphewa pawo. "Ine nilibe vaubweya va so! Nifunseni aliyense!"

Zimenezo zinandithandiza, koma pang'ono. Ndinawaonetsa chithunzi chomaliza, duwa lenilenilo, lodzaza foni yonse (chinatuluka bwino kwambiri, ndinene zoona). Ba Zulu anapukusa mutu.

"Duwa yaikulu so, pa puloti panga? Nakhala pano zaka na zaka siniiziba. Ivi mwachosa pa intaneti."

"Tiyeni mukaone."

Tinapita, khamu lili pambuyo. Dzuwa linali paliwombo. Maluwa onse anali atafota. Panali udzu ndi matope, ndi chidindo cha mimba yanga.

Ndinapempha kuti tidikire m'mawa. Anavomera monyinyirika. Madzulo mkazi wanga anayamba kulongedza mbale m'katoni. Analankhula kamodzi kokha.

"Amuna anzanu amamwa mowa, akazi awo amadziwa kokawatola. Ine ndiziti ndinakutolani kuti?"

 

Lamulungu m'mawa ba Zulu anatuluka atavala kale suti ya kutchalitchi. Ndinayamba ndagogoda pa bafa, mwamphamvu, onse akuona. Munalibe munthu. Kuseri khovani anali atatseguka.

"Gonani," ndinatero.

"Nigone? Mu suti?"

"Palibe njira ina."

Anayala thumba la simenti, anagwada, anadandaula za bondo, anagona. Ndinawapatsa foni.

"Fendelani pafupi. Musapume."

Anasuzumira pa foni. Kenako anayamba kuseka pang'onopang'ono.

"Ah ah! Ili na tunyanga twa yelo mukati! Bamake Joyi, bwelani muone!"

"Nigone pansi ine? Mwafuntha bonse babili."

"Imani, imani, kabwela kanyelele."

Anakana kudzuka. Kutchalitchi anafika ulaliki uli pakati.

Nyumba sindinachokemo. Mbale zinabwerera m'kabati. Koma bamake Joyi anali ndi chigamulo chawochawo. Lolemba anatenga khasu n'kupalira khovani yense, osasiya ndi muzu womwe. Mpaka lero ndikamadutsa, azimayi a pa puloti amachenjezana mokweza: "Mangani vitenje, ba Maluwa bapita!"

Ndinaphunzirapo. Masiku ano ndisanagone pansi paliponse, ndimayamba ndafufuza kuti khomalo ndi la chiyani. N'chifukwa chake ndikudziwa bwinobwino kuti kaduwa kachikasu komwe ndinaona dzulo kali kuseri kwa telala, pansi pa zenera la chipinda chomwe azimayi amayeseramo madiresi.

Sindinakajambule. Ndikuganizirabe.