Mizere ya Dokotala pa Mphuno Yanga

Nkhaniyi ikukhudza ine, Bambo Yotamu Chirwa, mkulu wa mpingo ku Lubuto ku Ndola, kalaliki wa kumgodi wopuma pantchito. Akazi anga, Mayi Chirwa. Mlongo wanga, Mayi Nyirenda a ku Kawama. Ndi mwana wathu Tamanda, amene anatiuza kuti akufuna dokotala amuwongole mphuno. Inapindika atagwa panjinga ali wamng'ono, ndipo ngakhale amapuma bwinobwino, amathawa kamera mpaka lero.

Mumtima ndinali nditakana kale, koma ine sindiweruza mlandu ndisanafufuze. Ndinaitanitsa msonkhano wa banja Loweruka fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko masana, ndipo m'mawa wa tsikulo ndinavala suti, n'kutenga Baibulo ndi mafunso khumi olembedwa bwino, ulendo wa ku Riverside ku Kitwe, kumene dokotalayo amaonera anthu akabwera kuchokera ku Lusaka.

Anandilandira mwaulemu. Masatifiketi anandionetsa, zidindo ndinaziwerenga zonse. Ndinafunsa kuti ntchitoyi waigwira zaka zingati, munthu amamugoneka bwanji, nanga zikalakwika amatani, ndipo anayankha osazemba, mpaka anandiuza kuti ena amawabweza. Munthu wanzeru akanatsanzika pomwepo. Koma ku ofesi ya mgodi sindinkalemba munthu ntchito chifukwa cha mapepala okha, ndinkamupatsa ntchito kuti aigwire ine ndikuona.

"Adokotala," ndinatero, "tiyerekeze kuti mphunoyo ndi iyi. Mungayambire pati?"

"Yanuyo, bambo?"

"Ndi mayeso chabe."

Anatenga cholembera cha inki yabuluu n'kuyamba kulemba pankhope panga, mzere uku, mzere uku, timadontho, ndi kamuvi koloza m'mwamba. Ine mafunso osatha: fupa lolimba limathera pati, lofewa limayambira pati, nanga chimene mwachotsacho mumachitaya kuti? Kenako anandijambula, n'kundionetsa pakompyuta mmene ndingaonekere.

Abale anga, munayamba mwakumanapo ndi munthu amene mukanakhala? Zaka makumi asanu ndi awiri ndasenza mphuno ya kwa a Chirwa, yotambalala ngati fosholo, osadziwa kuti kuseri kwake kwabisala bwana wamkulu wa mgodi. Ndinapempha kuti andisindikizire chithunzicho, pofuna umboni basi. Iye anandipatsa thonje lonyowa ndi mankhwala, nati, "Mupukute musanatuluke." Ndinaliika m'thumba, maso ali pachithunzi, ndipo chithunzicho ndinachiika m'Baibulo.

M'minibasi yobwerera ku Ndola kondakitala anandipatsa mpando wakutsogolo, anthu akundiyang'ana, ine n'kumati ulemu ukadalipo m'dziko muno. Mayi wina anandifunsa m'Chibemba ngati zikupweteka kwambiri. Ndinamuyankha kuti bondo lokha, kukazizira.

Ndinafika kunyumba nthawi itakwana ndendende, onse atakhala kale. Akazi anga anati, "Bambo, tadikirani kaye," koma ine sindilola kudulidwa msonkhano ukayamba. Ndinapemphera, ndipo nditati ameni ndinaimirira n'kulankhula kuti chimene Mulungu anaumba munthu asachiyandikire ndi mpeni, kuti kudzikongoletsa ndi khomo la kunyada, ndiponso kuti ine mphuno yanga sindinaidandaulepo tsiku ndi limodzi lomwe. Tamanda anali atawerama, mapewa akugwedezeka, ine n'kumati mawu amulasa.

Nditatsegula Baibulo kuti ndiwerenge vesi, chithunzi chija chinagwera pamapazi a mlongo wanga. Anachitola, anachiyang'ana, anandiyang'ana ine.

"Achimwene, bambo okongolawa ndi ndani? Avala suti yanu."

Akazi anga analowa kuchipinda n'kubwera ndi galasi. Nkhope yanga inali ngati pulani ya nyumba, kamuvi kaja kakuloza kumwamba kumene ndinkanena.

"Adadi," anatero Tamanda akupukuta misozi, "ndiye dokotalayo wakhoza mayeso?"

Bodza sindinena. Ndinavomera kuti wakhoza mafunso onse khumi, ndipo ndinalumbira kuti sindidzaperekanso nkhope yanga kuti ikhale pepala la mayeso.

Mayi Nyirenda, monga wamkulu wotsatira, ndiwo anagamula: ine ndichoke pampando wa mlanduwu popeza ndasanduka mboni, Tamanda akaonane ndi dokotalayo pamodzi ndi amayi ake, ndipo za mphuno yake asankhe yekha, chithunzicho chipachikidwe pabalaza. Mayi Chirwa anavomera, Tamanda anavomera. Ine ndinavomera ziwiri zoyambazo, pa chachitatucho, chopachika chithunzi, ndinachita apilo, ndipo apiloyo inakanidwa.