Saladi Inandilowetsa M'chinamwali

Kuli amayi ena ku komboni ya Chawama amene mpaka lero akandiona ndikudutsa pampopi amatula zidebe zawo pansi n'kuyamba kuomba m'manja mwa kaimbidwe kenakake. Ine ndimangowapatsa moni mwaulemu kwinaku ndikuwonjezera liwiro. Ofuna kudziwa chiyambi chake khalani pansi, koma nkhaniyi isakafike kwa apongozi anga ku Katete.

Zinali zaka zija katundu atasowa m'masitolo, pamene ukaona mzere unkayamba waimapo kaye, kenako n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Sopo, shuga, ufa, makamaka saladi (mafuta ophikira aja, kwa inu a kutali), zonsezi zinkabwera mosalonjeza ndipo sizinkachedwa kutha. Lamulo la kusitolo ya boma linali lakuti mutu umodzi, botolo limodzi. Choncho mwana anali chuma, ndipo m'komboni monse munalibe katswiri wa mzere ngati mwana wanga woyamba, Nelia. Ankazindikira lole ya saladi pongomva kulira kwa injini. Ankadutsa m'khwapa mwa anthu akuluakulu akupepesa mokoma, mwakuti opondedwawo ndi amene ankamuthokoza. Ine ndi iye tinali khasu ndi mpini. Pobwerera kunyumba, aliyense atakumbatira botolo lake, tinkakukuta mtedza tikutsutsana za mpira, iye akundiseka kuti ndimathamanga ngati bakha.

Tsiku lina amake anandikhazika pansi. "Atate bake Nelia, mwana wakula. Nakamba kale na ba Sakala, bazamulanga pa holide."

Amayi Sakala anali mlangizi wamkulu wa dera lathu, nkhalamba yaifupi yochokera ku Petauke, imene ngakhale makondakitala a minibasi ankaiopa. Ndinavomera ngati munthu womvetsa zinthu, nkhuku ya alangizi ndinakagula ndekha. Koma kunena zoona, mumtima munali nkhondo. Ndinanyadira kuti ndalera mwana mpaka wafika pamenepo, komanso ndinamva ngati anthu akubwera kudzandilanda mnzanga ine ndikuwagulira nkhuku. Lachinayi anandipatsa bulangete n'kundithamangitsira kwa mng'ono wanga ku Misisi, ndi lamulo lakuti phazi langa lisaponde pakhomo mpaka Lamlungu, tsiku lotulutsa namwali.

Ndinamvera ndithu mpaka Loweruka. Ku fakitale kwathu makina anali atagona, zitsulo zokonzera zikusowa, choncho ndinkangoyendayenda ngati nkhuku yodula mutu. Miyendo inandifikitsa ku Chawama (mwangozi, ndikulumbira). Ndili pafupi ndi sitolo, ndinaona mayi wina akuthamanga, mwana akugwedezeka kumbuyo, akukuwa kuti, "Saladi! Yabwela saladi!"

Abale anga, mutu unkadziwa za chinamwali, koma miyendo inali isanauzidwe. Ndinapezeka ndikuthamangira kunyumba monga mwa masiku onse. Panja ndinadutsa amake Nelia akusosola nkhuku ija. Anakuwa kuti, "Imwe! Imani! Musangene!" Ine ndinaganiza kuti ndidzawafotokozera pobwerera. Pakhomo anali atagonekapo mtondo, chizindikiro chimene ngakhale mwamuna woledzera amachilemekeza. Ndinaudumpha (ndipo ndinadumpha bwino, zimenezo palibe amene anandiyamikira), ndinakankha chitseko n'kufuula:

"Nelia! Nyamuka, saladi yabwela!"

Ng'oma inaduka. M'chipinda munali amayi thothotho, ndipo pakona panali kamulu kofundidwa chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ameneyo anali mwana wanga. Mayi mmodzi yekha, woimba ng'oma, ndi amene ananong'ona kuti, "Kuti? Ku sitolo ya boma?" Amayi Sakala atamuyang'ana, anameza mawu otsalawo.

"Atate bake Nelia," anatero amayi Sakala pang'onopang'ono, "mufuna chani mu nyumba ya bazimai?"

Apa munthu wanzeru akanagwada, kuomba m'manja, n'kutuluka chafutambuyo. Koma manyazi akagwira mwamuna amasanduka ukali. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Nyumba ni yanga iyi, bamai. Na mwana ni wanga."

"Ni wanu? Chabwino. Mulangeni mweka."

Anamanga kathumba kawo, nalamula kuti ng'oma inyamulidwe. Amake Nelia, amene anali atafika pakhomo nthenga za nkhuku zili m'manja, anayamba kulira mokweza. Mpamene ndinazindikira kukula kwa zimene ndachita. Namwali wosiyidwa pakati ndi alangizi amakhala nalo dzinalo mpaka kukwatiwa kwake. Pampopi, kutchalitchi, kulikonse, akangolakwitsa kanthu kakang'ono anthu amati, "Musiyeni, sanalangidwe uyo." Ndinali nditamupachika mwana wanga dzina limenelo chifukwa cha botolo la mafuta, limene sindinaligwire n'komwe.

Kenako kamulu ka pakona kaja kanasuntha. Nelia anayenda ndi maondo, chitenje chikadali kumutu, mpaka pamapazi a amayi Sakala. Anagona chammbali n'kuomba m'manja, natembenukira mbali inayo n'kuombanso, monga momwe anali atangophunzitsidwira. Mawu ake anatuluka pansipansi koma osanjenjemera.

"Ambuya, nidziwa namwali sakamba. Koma batate sibanabwele na chipongwe. Banazolowela kuniitana monga kamwana, ndaba kulibe wamene anabauza mwamene baitanila mwana mukulu. Ine mwanilanga. Balangeni na beve. Koma musanisiye pakati."

Mwana amene dzana ndinkamupukuta mamina anali akundichonderera mlandu, ndipo ankauyendetsa bwino kuposa madoda amene ndawaonapo pabwalo kwathu. Sanandinyoze, sananame, ndipo nkhalamba ija anaipatsa njira yobwerera popanda kutaya ulemu wake.

Amayi Sakala anamuyang'ana. Kenako anatula kathumba. "Uyu mwana ali na nzelu," anatero. "Sanatengele kwa batate bake. Tulutsani ng'oma panja. Wangena mu chinamwali, avine."

Anandimanga chitenje m'chiuno, pamwamba pa ovolosi ya kuntchito, n'kundiimika pakati pa bwalo dzuwa lili pamutu. Woimba ng'oma uja, mwina pokwiya kuti waphonya mzere, anaiomba ngati ili ndi mlandu. Amayi anapeka nyimbo pomwepo, ya tambala amene anakakhalira mazira a thadzi. Ndinayesa kuvina ndi mapewa okha, mwaulemu wa bambo wa pabanja, koma amayi Sakala anandigogoda ndi mthiko. "Chiuno, atate! Mapewa ni ya ku chalichi!" Ndinagwedeza ziwalo zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo. Eni nyumba imene tinkachita lendi anatuluka ndi mpando. Anthu obwerera kusitolo anaima pampanda, mabotolo a saladi ali m'manja, ena akundiponyera malangizo. Nditagwa pansi ngati thumba la makala, amayi analuluta, chitseko chinatsekedwa, ndipo mwambo unapitirira. Saladi inali itatha kalekale.

Lamlungu anamutulutsa. Anakhala pamphasa atavala chitenje chatsopano, miyendo atatambasula, maso ali pansi, anthu akumufupa. Ndinamuyang'anitsitsa kufunafuna kamtsikana kanga ka m'khwapa mwa anthu, koma pamphasapo panali mayi wodekha amene ndikanamupatsa njira tikanakumana pamsewu. Amayi Sakala anauza gulu lonse kuti alanga anamwali ambiri, koma sanaonepo wopulumutsa chinamwali chake yekha. Ndinanyada mpaka chifuwa kuwawa. Ndinkafuna kukuwa kuti ndi wanga ameneyo, koma mawu amenewo anali atandivinitsa kale.

Anthu atabalalika, msana unayamba kundilipiritsa za dzulo lake. Ndinagona chafufumimba m'chipinda ndikubuula. Chiyambire kuyenda, msana ukandivuta Nelia ndi amene ankakwera n'kumandipondaponda ndi timapazi take, akuwerengera mafupa amene alira. Mosaganiza ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane, koma nthawi ino ndinadzigwira. Mwina kuvina kuja kunalowa.

Posakhalitsa ndinamva kuomba m'manja panja pa chitseko, kenako kunong'onezana. Amene analowa anali amake, atanyamula beseni la madzi otentha ndi kansalu.

"Namwali wanu watenthesa manzi," anatero. "Akuti muthowe musana."

"Nanga yeve ali kuti?"

"Ali apo panja, agwada. Mu chipinda cha batate bake sangenamo futi."

Pansi pa chitseko ndinkaona mthunzi wa maondo ake. Anali atamva kubuula kwanga, monga ankamvera nthawi zonse, ndipo anadikira pomwepo mpaka atamva kansalu kakufinyidwa. Kenako mthunzi unachoka mwakachetechete. Ndinaphunzira kuitana mwana wamkulu, inde, koma palibe mlangizi amene anandiuza kuti zimawawa chonchi.