Sabata Imene Ndinayenera Kukankha Mfumu

LOLEMBA

Zatheka! Foni yalira ndili m'basi ya ku Wakefield. Ndi mayi uja wa ku ejensi amene amandipezera timaganyu ta m'mafilimu. Akuti ku Salford akujambula sewero la pa TV la mafumu, malupanga ndi zinjoka, ndipo akufuna ine. Dzina langa m'seweromo: Msilikali Wachitatu. Chisoti palibe. Nkhope poyera. Ndiponso ndiyankhula!

Ndakuwa ndi chimwemwe. Mzimayi amene ndinakhala naye pafupi wasintha mpando.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndili m'masewero amenewa. Zimene ndakhalapo mpaka lero:
- mtembo, kanayi
- munthu wosenza thumba pamsika, kuseri kwa hatchi
- mtengo woyenda
- miyendo yakumbuyo ya chilombo. Kutsogolo kunali bambo wina wa ku Leeds wokonda nyemba
- mtembo winanso, koma wa munthu wolemera

Nkhope yanga sinaonekepo ngakhale kamodzi. Chaka chatha ndinaitana anzathu a kutchalitchi kuti adzandionere. Tinabweza kanema katatu, chimene tinapeza ndi chigongono. Anaombera m'manja chigongonocho, koma mumtima zinandiwawa.

Mayi a kunyumba amva nkhaniyi akupinda zovala. Akuti: "Bambo a Tadala, iyi ndi last. Nkhope ikapanda kuoneka ulendo uno, za ma dragon zithere pomwepo. Ma weekend muzikhala pakhomo ngati anzanu." Ndavomera, tagwirana chanza. Ndiope chiyani?

Ntchito yake ndi iyi: ndikwere masitepe anayi, ndiime pamaso pa Mfumu, ndinene m'Chingerezi kuti "Tsika pampandopo, nkhalamba yopanda ntchito!" Kenako ndiikankhe, igwe, ife. Basi. Ngakhale mwana angathe.

Pulani: kumeta, kuloweza mawu, kuuza aliyense.

LACHIWIRI

Ndili kuntchito yanga yeniyeni, kunyumba yosamalira okalamba. Chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi, ndipo palibe wokalamba amene anagwapo ine ndili pafupi. Manja awa amadziwa okha ntchito.

Mashifiti a masiku anayi ndasinthana ndi mnzanga wa ku Zambia. Akuti: "Ba boss, mukankala famous musatiibale."

Nthawi yopuma ndalowa m'chipinda chochapira kukayeserera. Ndaima kutsogolo kwa mulu wa mabulangete, ndatulutsa chifuwa, ndakuwa mawu anga aja. Abwana atulukira ali wefuwefu. "Ukuyankhula ndi ndani choncho?" Afukula mabulangete onse kufuna nkhalambayo. Ndafotokoza kwa mphindi makumi awiri. Akhulupirira, koma akundiyang'anabe ndi diso limodzi.

Pa gulu la foni la kutchalitchi ndalengeza kale. Mauthenga akungogwa. Abusa atumiza vesi. Mlamu wanga wa ku Middlesbrough akufunsa ngati chinjokacho chimaluma.

Madzulo ndapempha mayi a kunyumba kuti akhale pampando ndiyeserere kukankha. Andiyang'ana kuyambira kumapazi. "Tayesani." Sindinayese.

Atandiona ndikuvina ndi mopu m'malo mwa lupanga, angoti: "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Nsanje basi!

LACHITATU

Sitima mpaka ku Leeds, ina mpaka ku Manchester, kenako tramu, kasitima ka m'misewu ya m'tauni. Mvula ikuwaza njira yonse. Mutu wometa ukuzizira.

Kojambulirako ndi chinyumba ngati nkhokwe ya katundu, m'kati mwake amangamo nyumba yachifumu ya mapulanga. Andiveka zikopa, nsapato zonga mabwato ndi lupanga la pulasitiki. Pagalasi ndadziopa ndekha. Chinjoka chake ndachiona: ndi mpira wa tenesi pansonga ya ndodo, wanyamula ndi munthu wovala zobiriwira thupi lonse. Akuti moto ndi mapiko adzaika pa kompyuta. Mlamu sindimuuza.

Kenako alowa a Mfumu.

Mayo ine. Palibe anandiuza kuti ndi munthu wamkulu chonchi. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi atatu, tsitsi mbuu, akuyenda ndi ndodo, dzanja likunjenjemera pang'ono. Mawu okha ndiwo a bingu. Popatsana moni maondo anga apindika okha, dzanja lamanzere lagwirira lamanja. Iwo aseka: "Dzuka mwanawe, ufumu wanga umayamba kamera ikayaka."

Zimene maso anga aona osawatuma:
- mkanjo wawo ndi wautali, aupondaponda
- masitepe anayi opanda pogwira
- mawaya ali balala pansi
- chiyambire m'mawa sanamwe madzi

Ndakauza mtsikana wina amene amayendetsa zinthu kuno, wa zomvera m'makutu. Wayang'ana pepala lake. "Ndinu Msilikali Wachitatu, eti? Imani pa tepi yofiirayo."

Ndaima pa tepi. Mfumu imene ndinali nayo m'mutu inali yamimba, yandevu zakuda, yoti ukaikankha mtima umayera. Uyu ndi munthu woti n'kumufunditsa bulangete. Nkhawa yandigwira.

LACHINAYI

Tsiku lojambula. Dairekita ndi mzungu wamtali wa kapusi, sadya, amangomwa khofi. Wandionetsa matiresi aakulu kuseri kwa mpando. Akuti a Mfumu akhala akugwa m'masewero ine ndisanabadwe, ndingokankha.

Ulendo woyamba: ndakwera masitepe bwinobwino. Nditafika pamaso pawo, ndapezeka ndanjuta. Sindikudziwa kuti zachitika nthawi yanji. "Cut!"

Wachiwiri: ndaima nji. Mawu ndanena onse, koma ndikuyang'ana nsapato zawo. Dairekita akuti ndiwayang'ane m'maso. Munthu wamkulu, m'maso, uku ukumutukwana? Mayi anga akanadzuka kumanda.

Wachitatu: m'maso ndawayang'ana, mawu atuluka mwamphamvu. Kumapeto kwake kwatulukanso kena kamene sikali papepala: "Pepani, bambo."

Wachinayi: ndakankha ndi zala ziwiri. Sanasunthe. A Mfumu andinong'oneza: "Kankha mwanawe, ndikufuna ndife ndikadye."

Wachisanu: ndakankha zenizeni! Ayamba kugwa mokongola, manja m'mwamba. Ndiye manja anga awa, adani anga, achita zawo. Limodzi kumsana, lina kumutu, bondo langa kutsogolo, ndawatsetseretsa pang'onopang'ono mpaka pansi monga anatiphunzitsira kuntchito. Mfumu sinagwe, yagonekedwa. Wa kamera waseka mpaka kutsokomola.

Wachisanu ndi chimodzi: manja ndawabweza msanga, ndawapanira kukhwapa. Agwa, phi! pamatiresi. Afa bwino kwambiri. Ndangomva mawu, ndipo ndi anga: "Musasunthe. Pakupweteka pati? Mukudziwa kuti lero ndi lachingati?"

Mtembo wayankha kuti Lachinayi.

Dairekita wavula kapusi, wailuma, waivalanso. "Kodi bwanawe, ntchito yako yeniyeni ndi yotani?" Ndamuuza. Wangoti: "Zikuoneka."

Walira mvula walira matope. M'sitima pobwerera ndakhala moyang'ana pawindo kuti anthu asaone maso anga.

LACHISANU

Mawu anga awapereka kwa Msilikali Wachiwiri, chimphona china chimene masiku ena chimalondera pakhomo la bala. Chawaloweza kamodzi. Chilibe chisoni ngakhale pang'ono.

Komabe si kutha kwa dziko. Ine ndiima kumbuyo kwake, nkhope ikuonekabe. Ntchito yanga: kuima, kukwiya, osachita kanthu. Ndapemphera m'chimbudzi kuti Mulungu andipatse mtima wouma kwa mphindi ziwiri zokha.

Chimphona chakankha. Koma kukankha kwake! Ngati akutulutsa chidakwa. Ine "Mayo!" Ndathamanga, ndagunda munthu wa zobiriwira uja, chinjoka chagubuduka mpaka kunsi kwa tebulo la masangweji.

Ulendo wachiwiri sindinathamange, sindinakuwe. Ndadzinyadira. Dairekita wandiitana kuti ndione pa kanema wake. Asilikali onse nkhope zolusa. Wachitatu yekha watsinzina, wagwira kumutu ngati wamva uthenga wa maliro.

Nkhope yanga pa kanema. Koyamba m'moyo. Ndaiona kwa kamphindi, kenako aifufuta.

Wabwera mtsikana wa zomvera m'makutu uja atanyamula chisoti chachitsulo. Chili ndi kabowo ka maso ngati ka bokosi la makalata. "Chikukhalani bwino," watero.

Mayi a kunyumba afunsa kuti zikuyenda bwanji. Ndati zikuyenda. Andiwonjezera ndiwo. Akudziwa.

LOWERUKA

Tsiku langa lomaliza. Akuti ngakhale m'chisoti mapewa anga akuoneka achisoni. Andisuntha: kuchoka kumbuyo kwa chimphona, kupita kuseri kwa chipilala, kuchoka kuseri kwa chipilala, kupita pansi. Mtembo. Kachisanu ndi chimodzi. Apa ndiye palibe angandiphunzitse.

Ndagona chagada m'munsi mwa masitepe. Akujambula pamene a Mfumu akuyankhula mawu awo aatali asanakankhidwe. Magetsi akutentha ngati ng'anjo, iwo ali mumkanjo wa ubweya, ulendo wachisanu ndi chitatu. Pa kabowo ka chisoti ndikuwaona bwino.

Mawu ayamba kukokeka. Dzanja likufufuza pogwira. Dairekita akunong'ona: "Zokongola, zokongola, pitirizani!" Onse akuti ndi luso. Koma ine milomo yotuwa choncho ndimaidziwa, ndi thukuta lozizira lija la pamphumi. Si sewero ili. Ndiponso akupendekera kutsogolo, kumasitepe, kumene kulibe matiresi.

Mutu ukuti gona, mtembo sudzuka, uwu ndi mwayi wotsiriza. Miyendo sinadikire kuti mutu umalize.

Ndawawakha pa sitepe yachiwiri. Ndi opepuka ngati mwana. Ndakuwa kuti azimitse magetsi, abweretse madzi, aitane achipatala, ndipo kwa nthawi yoyamba chinyumba chonse chamvera Msilikali Wachitatu. Chimphona chagwira miyendo yawo m'mwamba monga ndachiuzira, chikulira. Dairekita akuwakupiza ndi kapusi.

Atsitsimuka. Achipatala akuti ndi kutentha ndi kusamwa madzi, koma mutu ukanamenya masitepe aja bwenzi tikunena zina. Pokwera ambulansi andigwira dzanja: "Ndiwe msilikali woipitsitsa amene ndinamuonapo. Usasinthe."

Dairekita wasangalala. Akuti mtembo wodzuka kudzawakha mfumu yake ndi chinthu chimene sakanachiganiza, ndipo achisiya m'seweromo. Mtima wanga phaphapha! Ndafunsa ngati tingabwereze nditavula chisoti. Akuti ayi, zoterezi sizibwerezedwa.

Nthawi yonseyi ndinali m'chisoti.

LAMULUNGU

Kutchalitchi andilandira ngati ndabwera ndi chikho. Afunsa kuti sewero lituluka liti, andidziwira chiyani. Ndati akaona chidebe chachitsulo chikuthamanga, ndine.

Pobwerera ndawauza mayi a kunyumba zonse, kuyambira kunjuta mpaka ambulansi. Aseka mpaka kukhala pa benchi ya pa siteji ya basi. Atapukuta misozi akuti: "Ndiye mumafuna mukankhe nkhalamba ya eni kuti tikuoneni pa TV? Bola osaoneka." Andigwira mkono mpaka kunyumba. Koma pangano ndi pangano, akutero. Nkhope sinaoneke.

Ndalembera mayi wa ku ejensi kuti andichotse m'buku lake. Ndinkafuna ndithu kudzaoneka, kamodzi kokha, kuti Tadala adzaloze n'kunena kuti awo ndi adadi. Zandiwawa, ndisaname.

Masana foni. Ndi mwana wamkazi wa a Mfumu. Akuti bambo ake ali bwino, akudya, akukalipira manesi. Zigawo zina za Mfumu isanafe sizinajambulidwebe, koma akana kubwerera kojambulira pokhapokha "mtembo uja" uzikhalapo. Masiku awiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachinayi, mpaka sewero lithe: kuwamwetsa madzi, kuwagwira pamasitepe, kukangana ndi dairekita. Kuseri kwa kamera.

Mayi a kunyumba akuti m'kati mwa sabata alibe nazo mawu.

Ndavomera. Ndafunsa kuti ndidzavale chiyani.

Akuti zovala zanga zomwe.